Dengu Lapadera la Amayi

Pandanad
2 Sepitembala, 2018

Okondedwa achimwene anga a Chandrasenan,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Muscat, inu ndi alamu anga a Girija, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno ndili moyo. Ndinabwerera kunyumba Lachiwiri lapitali, ndipo mpaka lero ndikukolopabe matope. Ndikudziwa kuti mukudabwa kuona mlongo wanu wodana ndi cholembera akukulemberani kalata, chonsecho tinalankhulana dzana lomweli pa foni. Chifukwa chake n'choti pa foni ndinakunamizani. Munandifunsa kawiri konse ngati Amayi ali bwinobwino, ine n'kuyankha kuti inde. Papepala pano simungandidule mawu ngati mmene mumachitira, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kukalipa.

Mukukumbukira tsiku lachisanu titatentha thupi la Amayi, mmene munatolera timafupa ndi phulusa lawo n'kuika mumtsuko wadothi uja. Munamanga nokha kukamwa kwake ndi nsalu yofiira, mfundo zitatu, n'kuukwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Wansembe ananena pamaso pa tonse kuti mfundozo mudzamasula ndinu, mukadzabwera mu Disembala kudzawaperekeza Amayi kunyanja, ndipo wina aliyense asazikhudze. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kuyatsa nyali pamalopo madzulo aliwonse ndi kuwasunga Amayi mpaka mwana wawo wamwamuna atabwera. Nyaliyo sindinaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale mvula ikhuthuke bwanji.

Anandisiyiranso amphaka awo asanu aja, amene mukudziwa kuti ine sindinawakondepo. Munthu wosoka zovala ndi mphaka sagwirizana. Amagona pa nsalu za anthu, amasewera ndi ulusi, ndipo makasitomala amabwera kudzadandaula za ubweya pa mabulawuzi a ukwati. Koma chinthu chimene chinkandikwiyitsa kwambiri chinali nkhani ya madengu. Chiyambire chaka chija madzi analowa m'mudzi n'kukokolola mphaka wawo woyamba, Amayi sanadyetserenso mphaka pansi. Mphaka aliyense anali ndi dengu lake lansungwi, lokhala ndi chivundikiro ndi zogwirira ziwiri. Nthawi ya chakudya ikakwana ankagogoda supuni pa mbale yachitsulo katatu, amphaka n'kuthamangira aliyense m'dengu lake, iwo n'kuvundikira, n'kumanga, kenako n'kumasula atadya. Inu munkaseka n'kumati Amayi atsegula sukulu ya usilikali. Iwo ankangoyankha kuti tsiku la madzi mphaka sathamangitsidwa, amayenera kulowa yekha.

Chimene simukuchidziwa n'choti chaka chatha, atangoyamba kudwala, anakalukitsa dengu lina lapadera. Linali lakuya kuposa enawo, ndipo analipachika pa msomali wakewake pakhonde. Palibe mphaka ankadyera m'menemo, koma mlungu uliwonse ankalitsitsa, kulipukuta, n'kulibwezera. Tsiku lina ndinawafunsa mowaseka.

"Amphaka ndi asanu, Amayi. Kapena maso ayamba kuona awiriawiri?"

"Lisiye," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Mwini wake akulidziwa."

Ndinangoti ndi ukalamba. Ndiye mu Julayi, a Aleyamma oyandikana nafe aja atabwera kudzabwereka dengu loti anyamuliremo anapiye kupita nawo kwa mwana wawo ku Thiruvalla, ndinatsitsa lapaderalo n'kuwapatsa. Ndinawauza kuti asavutike n'kubweza, likungodya fumbi. Apa ndi pamene ndinalakwa, achimwene, ndipo ndinalakwa ndikumwetulira, ndikudziona ngati munthu wokonza m'nyumba.

Lachiwiri pa 14 Ogasiti mvula inakata pang'ono chakumasana. Ndinali pakhonde ndikupinda siketi ya mwana wasukulu, ndipo ndinazindikira kuti kunja kwangoti zii. Akhwangwala amene amasokosa mumitengo ya kokonati tsiku lonse kunalibe ngakhale mmodzi. Nyerere zinali zikukwera khoma zitanyamula mazira. Madengu asanu aja anali pansi, chifukwa amphakawo anakana kudyera pena paliponse chimwalirireni Amayi ndipo ine ndinagonja. Kenako ndinangoona amphaka anayi akubwera mondondozana, osathamanga, osalira, aliyense n'kulowa m'dengu lake n'kukhala. Sindinagogode supuni. Nsomba ndinali ndisanaphike. Anangokhala chete, onse atayang'ana kumtsinje.

Wachisanu anali Velumban, nkhalamba yoyera yong'ambika khutu ija, imene inkagona kumapazi kwa Amayi. Iyeyo sanalowe. Anabwera pakhonde, anaima pansi pa msomali wopanda dengu uja, anauyang'ana nthawi yaitali, analira kamodzi, kenako anazungulira kuseri. Nditamutsatira ndinamupeza atakhala pamalo pamene munakwirira mtsuko, mvula itayambanso, iye osasuntha. Ndinadziuza kuti ndine mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, sindingaopsezedwe ndi mphaka wonyowa.

Lachitatu tinamva kuti atsegula madamu osungira madzi kumtunda. Pofika masana mtsinje wa Pamba unali utafika pamsewu. Mwana wa a Aleyamma anabwera ndi galimoto kudzawatenga, ndipo anandiitana mobwerezabwereza kuti ndikwere nawo. Ndinakana. Ndinkati madzi akafika pachipata abwerera ngati zaka zonse, komanso ndikanawasiya bwanji Amayi okha pansi pa mtengo? Ndinayesa kukuimbirani kuti mundiuze chochita, koma foni inali itafa pamodzi ndi magetsi. Madzi atayamba kunyambita mizu ya mango, ndinatenga khasu n'kufukula mtsukowo. Ndikudziwa kuti sindinayenera kutero popanda inu. Dothi lake linali litafewa ndi mvula ya miyezi itatu, ndipo m'mbali munali mng'alu wautali ngati chala. Ndinaunyamula ngati khanda n'kukauika patebulo lodyera.

Kunacha Lachinayi ndili pamwamba pa tebulo lomwelo, ine, madengu asanu, ndi Amayi. M'nyumba madzi anali ofika m'ntchafu, ofiira, ozizira, ndipo mipando inali ikuyandama n'kumagundana. Velumban ndinali nditamulowetsa m'dengu lake, ndipo onse asanu anali omangidwa bwinobwino. Chimene chinkandiopsa si madzi ayi, koma kuti amphaka asanu anakhala maola onsewo popanda ndi mmodzi yemwe wolira.

Chakuma teni koloko ndinamva injini. Anali asodzi a kunyanja, aja anabwera ndi maboti awo pa malole kudzapulumutsa anthu. Boti lawo silikanatha kudutsa mpanda wathu, choncho anamangirira chingwe pa mtengo wa kokonati wa pachipata, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wamfupi wa imvi dzina lake a Silvester, anasambira nacho mpaka kudzachimanga pa nsanamira ya khonde. Pakati pa khonde ndi chipata madzi ankathamanga ngati mtsinje weniweni. Anandiuza mwachangu mmene zikhalire. Munthu agwire chingwe ndi manja onse awiri. Katundu ndi yekhayo amene angapachikidwe pachingwe n'kukokedwa. Chiweto chilichonse chikhale chotsekeredwa, chifukwa dzulo lake mphaka wina anadumpha m'manja mwa mwini wake n'kukanda mwana kumaso, boti n'kutsala pang'ono kugubuduka. Ataona madengu anaseka n'kunena kuti m'nyumba zonse zimene analowa, ino yokha ndi imene anapeza amphaka okonzeka kuposa anthu.

Kenako anaona mtsuko. Nditawauza chimene chinali m'katimo anavula chipewa, koma sanataye nthawi. Analoza chigubu chapulasitiki cha shuga chimene chinkayandama pafupi n'kunena kuti ndikhuthulire m'menemo, chili ndi chotsekera. Ndinawauza kuti mfundozo sindingamasule.

"Mayi, ndiye Mulungu wanu sangamvetse kuti kunja kuno kwasefukira?"

"Mulungu angamvetse," ndinatero. "Achimwene anga simukuwadziwa."

Musakwiye, ndi mmene ndinayankhira. Ndinayesa kuukulunga m'nsalu kuti ndiubereke kumsana, koma nditangoufinya pang'ono kachidutswa kadothi kanatsalira m'zala zanga. Ukanasungunuka ndisanafike pakati. Ndinayesa kuika amphaka awiri m'dengu limodzi, koma madenguwo mukuwadziwa, mphaka mmodzi amadzaza, ndipo chipsera cha kuyesa kumeneko chikadali pamkono panga. A Silvester anati m'boti muli nkhalamba ziwiri ndi mayi woyembekezera, sangadikire kupitirira mphindi zisanu. Apa m'pamene ndinakumbukira msomali wopanda kanthu uja, ndipo ndinadzida.

Tsopano werengani bwino, chifukwa ndikulemba zimene ndikukumbukira, ndipo ndikuzikumbukira bwinobwino. Ndinamasula dengu la Velumban n'kumutulutsa. Sanalimbane nane. Ndinamukweza pamwamba pa kabati yaikulu ija, n'kumuikira tinsomba touma pambali pake. Ndinamuuza kuti andikhululukire, iye ndi mphaka koma awa ndi Amayi. Ndinalira, ine amene ndinkamuthamangitsa ndi tsache. Ndinayala nsalu yanga yobiriwira m'dengumo, ndinaikamo mtsuko, ndinavundikira, n'kumanga chivundikirocho ndi chingwe chake. Kenako ndinayamba kutuluka ndi madengu enawo limodzilimodzi kukapereka kwa a Silvester pakhonde. La Amayi ndinalisiya kuti likhale lomaliza, ndizilitsatira ndi maso powoloka.

Ndili pakhonde ndi dengu lachitatu, ndinamva supuni ikugogoda mbale yachitsulo m'nyumba. Katatu, mosathamanga, monga ankachitira. Ndinayang'ana a Silvester, koma iwo anali kalikiliki ndi chingwe. Ndinadziuza kuti ndi ziwiya zikugundana m'madzi kukhitchini, ndipo mwina zinalidi ziwiya. Koma nditalowa kukatenga lachinayi, m'chipindamo munkamveka fungo la mafuta aja ankadzola kumutu, a kokonati owiritsa ndi tsabola. Botolo lake ndinalitaya mu Juni. Ulendo womaliza sindinakweze maso kuyang'ana pakabati, chifukwa cha manyazi. Ndinangonyamula dengu patebulo. Linali lomangidwa mmene ndinalisiyira.

Za kuwoloka sindinena zambiri. Ndinamwa madzi, ndinataya nsapato, ndipo a Silvester anandikoka ndi tsitsi ngati thumba la mpunga. M'boti ndinafungatira dengulo pamiyendo. Msodzi wina wachinyamata anandiseka kuti mphaka wa m'dengu limenelo ndi waulemu kuposa apongozi ake. A Silvester anamudzudzula n'kumuuza kuti m'menemo muli mayi wa munthu, ndipo mnyamatayo analemba mtanda pachifuwa. Njira yonse ndinkayang'ana denga la nyumba yathu likuchepa, ndikuganiza za Velumban pakabati. Koma mumtima ndinkati ndachita ntchito yanga, achimwene adzawapeza Amayi awo.

Anatitula pasukulu ya pamtunda, kumene kunali anthu mazanamazana, ana akulira, amayi akuphika phala la mpunga m'madiramu. Ndinapeza kangodya m'kalasi ina n'kundandalika madengu anga. Dzuwa litapendeka ndinapempha kandulo kwa mphunzitsi wina kuti nyali ya Amayi isaphonye tsiku. Ndinaiyatsa, ndinagwada, ndinamasula chingwe, n'kutukula chivundikiro.

M'dengumo munali Velumban. Anali atagona pa nsalu yanga yobiriwira, wouma, akundiyang'ana. Mtsuko munalibe. Ndinamutulutsa n'kukutumula nsaluyo, koma simunagwe ngakhale kachidutswa kadothi kapena phulusa. Ndinamasula madengu ena onse anayi, ndipo lililonse linali ndi mphaka wake. Sindinakuwe. Ndinangokhala pansi mpaka kanduloyo inatha.

Ndaganiza za zimenezi masiku onsewa, ndipo sindikufuna kukubisirani mbali imene ikundiipira. M'nyumba muja ndinali ndekha. Mphaka sanyamula mtsuko ndipo samanga chingwe. Choncho mwina ndine. Mwina pa ulendo wina mwa maulendo aja manja anga anachita chimene mutu wanga sunavomere, anatulutsa Amayi n'kubwezamo mphaka, chifukwa uyu anali wamoyo ndipo ankandiyang'ana. Ngati ndi choncho, ndiye kuti mlongo wanu anasiya mayi ake patebulo n'kupulumutsa mphaka, ndipo muli ndi ufulu wosandilankhulanso. Koma ndikafufuza mumtima mwanga sindikupezamo chikumbukiro chimenecho. Chimene ndikupezamo ndi supuni ija basi.

Mawa lake ndinakumana ndi a Aleyamma pamzere wa phala. Nawonso madzi anawapeza kwa mwana wawo, ndipo anawabweretsa pasukulu yomweyo. M'manja anali atanyamula dengu lapadera lija, ataikamo Baibulo lawo ndi mankhwala a shuga. Atandiona anayamba kundidandaulira mwanthabwala, monga mukuwadziwira.

"Iwe Vasanthi, dengu lako ili n'lachabe. Anapiye anga ankangopunthwa. Ndani amasokerera nkhata pansi pa dengu la nkhuku?"

Ndinawalanda dengulo n'kutulutsa zinthu zawo. Pansi pake panali kansalu, ndipo pansi pa kansaluko panali nkhata yolukidwa ndi chingwe cha makoko a kokonati, yosokereredwa mwamphamvu ndi ulusi wakuda. Ndine telala, achimwene, ndipo kasokedwe ka Amayi ndingakazindikire ngakhale nditatsinzina, chifukwa ndi iwo anandiphunzitsa. Ndinaika dzanja pankhatapo. Kukula kwake kunali kwa pansi pa mtsuko, osati kwa china chilichonse. Amayi anadziwa kuti adzadikira pansi pa mtengo nyengo ya mvula, anadziwa kuti inu muli kutali, ndipo anadzikonzera ulendo wawo monga anakonzera amphaka awo. Anangolakwitsa posandiuza mwachindunji, ndipo ine ndinalakwitsa poganiza kuti chinthu chopanda ntchito lero n'chopanda mwini. A Aleyamma atamva nkhani yonse analira kuposa ine, ndipo mpaka pano akudziimba mlandu chifukwa cha anapiye.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza kuti madzi anafika pamwamba pa zitseko. Kabati ija inagwa chafufumimba, choncho Velumban sakanapulumuka. Tebulo ndinalipeza litatsamira pachipata. Makina anga osokera achita dzimbiri, zithunzi za Bambo zafufutika, koma zimenezo ndi nkhani za tsiku lina. Ndinafufuza mtsuko masiku atatu, ndikusefa matope ndi manja chipinda ndi chipinda, mpaka kumunda kwa chinangwa. Sindinaupeze. Lachisanu, ndikutaya matope kuseri, ndinakweza maso n'kuona chinthu chofiira pa nthambi ya mango, pamwamba penipeni pa dzenje limene ndinafukula. Inali nsalu yanu ija. Inali yozungulirabe monga inalili kukamwa kwa mtsuko, ndipo mfundo zanu zitatu zinali zomangika, palibe imene inamasuka.

Ndinaitsitsa ndi ndodo mosamala. Mfundozo sindinazikhudze. Ndaiika pankhata m'dengu lapadera lija, limene ndalibwezera pakhonde, ndipo nyali ndikuyatsa pambali pake madzulo aliwonse. Velumban amagona pafupi nalo koma salowamo. Anthu akundiuza kuti ndisadandaule, mtsinje wa Pamba umakathera kunyanja komweko kumene mukanawapititsa. N'zoona, koma anapita okha, opanda mwana wawo wowaperekeza, ndipo zimenezi zikundipweteka tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti inu zikupwetekani koposa, chifukwa munawerenga miyezi kuti mudzachite chinthu chimodzi chimenechi.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, musasinthe ulendo wanu wa mu Disembala. Bwerani, ngakhale mubwere osandilankhula. Mfundo zitatu zikukudikirani, ndipo palibe wina angazimasule. Tidzapita limodzi kunyanja ndi chimene chatsala, ine ndidzanyamula dengu.

Chachiwiri mwina muchiseka. Dzulo masana kunja kunali kowala, mtsinje uli m'malo mwake, ndipo ine ndinali kuchapa makatani pachitsime. Ndinamvanso supuni, katatu. Nditafika pakhonde ndinapeza onse asanu ali m'madengu awo, chete. Ulendo uno sanayang'ane kumtsinje. Ankayang'ana ine. Sindikudwala, musadere nkhawa, kupatula kachifuwa kamene ndinatenga m'madzi muja. Koma mukamabwera mundigulire chimodzi mwa zonyamuliramo mphaka zija zapulasitiki zolimba zokhala ndi chitseko ndi chogwirira, zimene alamu anati zimapezeka kumeneko. Amphaka akadali asanu ndipo madengu awo ali bwinobwino, choncho musavutike kundifunsa kuti n'cha ndani. Mungosankha chakuya, choti mtsuko ungakwanemo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti bulawuzi yawo ya chikondwerero cha Onam inapita ndi madzi ndisanaimalize, ndidzasoka ina. Moni kwa mwana wanu Devika ndi mwamuna wake, ndipo kamdzukulu kanu mukapsompsone m'malo mwanga. A Aleyamma akupereka moni ndipo akuti muwakhululukire. Ine sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Ndikungopempha kuti mukafika pachipata mudzandiitane ndi dzina monga kale, ndipo mukadzaona nkhata yatsopano pa msomali wachiwiri pakhonde, musadzaipereke kwa munthu. Ndaisoka ndekha m'mawa uno.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Vasanthi